Tisanatenthe malaya a mwana, tiyambe tafunsa kumene nyimbo inacokera

Pa msonkhano wa mphakati wathu mwezi wathawu, titangotha kugawana Mau a Mulungu, amai ena anatsegula kacikwama kao natulutsa malaya akuda, n'kuwaponya pa mphasa pakati pathu. Pacifuwa pa malayawo panali cithunzi ca cinthu conga mtembo wouma, mano onse ali pamtunda, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti Iron Maiden. Mnyamata wao wa zaka 17 anawagula pa salaula. Kucokera tsiku limenelo, anatero amaiwo, mwana anayamba kufuna-funa pa foni yake nyimbo za gulu limeneli, kotero kuti usiku m'nyumba mumangomveka magitala kulira ngati cigayo. Funso lao linali lalifupi: "A katekisiti, kodi mwana wanga sanalowe za usatana? Nditenthe malayawa ndi kuphwanya foniyo?"

Tisanatsegule n'komwe pakamwa, ambiri anali atayankha kale kuti tenthani. Ife tinapempha sabata imodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kunena zoona tinacita manyazi kuweruza nyimbo zimene sitinazimvepo. Zimene tinapeza m'sabatayo ndizo tifuna kugawana nanu owerenga, cifukwa tidziwa kuti funso la amai aja lili m'nyumba zambiri.

Tinafunsa mnyamatayo nyimbo imene aikonda kopambana. Anatiikira ina yaitali, yopitirira mphindi 13, imene gulu la ku England limeneli linatulutsa mu 1984 m'cimbale cochedwa Powerslave. Dzina la nyimboyo ndi Rime of the Ancient Mariner. Titangoona dzinalo tinakumbuka kalasi la Cingelezi ku seminale yaing'ono, pakuti imeneyi ndi ndakatulo ya Samuel Taylor Coleridge, mwana wa mbusa wa mpingo wa Anglican, imene inasindikizidwa mu 1798. Woliza gitala la besi m'gululo, Steve Harris, anatenga nkhani yonse ya m'ndakatuloyo naiika pa ng'oma ndi magitala, ndipo malo ena anasiya mau a mlakatuliyo monga momwe alili.

Nkhani yake ndi iyi. Nkhalamba ina imene inagwira nchito pa zombo za pa nyanja yamcere iimitsa mnyamata amene akupita ku ukwati, nimuumiriza kumva mbiri yake. Combo cao cinakankhidwa ndi namondwe kufikira kum'mwera kweni-kweni kwa dziko, kumene cinatsekeredwa m'madzi oundana. Kunabwera mbalame yaikulu ya pa nyanja yochedwa albatross. Amalinyero anailandira ngati mlendo wocokera kwa Mulungu, naipatsa cakudya, ndipo njira inatseguka. Tsiku lina munthu uja analasa mbalameyo ndi muvi, naipha. Inali isanamulakwire ciliconse. Patsogolo pake mphepo inaleka, combo cinaima pamalo amodzi padzuwa loswa mtengo, madzi akumwa anatha, ndipo anzake anamupacika mbalame yakufayo m'khosi. Anzakewo, anthu 200, anafa onse. Iye yekha anatsala pakati pa mitembo masiku asanu ndi awiri. Anayesa kupemphera, pemphero linakana kutuluka. Usiku wina pa mwezi anaona njoka za m'madzi, zolengedwa zimene poyamba ananyansidwa nazo, naona kukongola kwake, nazidalitsa mumtima mosazindikira. Nthawi yomweyo anatha kupemphera, mbalame ija inamasuka m'khosi n'kumira m'nyanja. Anagona tulo, nayamika Amai Maria cifukwa ca tuloto, ndipo mvula inagwa. Atafika kwao anapempha munthu wa Mulungu wokhala yekha m'nkhalango kuti amumve kulapa kwake, ndipo malipiro ake anakhala akuti aziyenda dziko ndi dziko kusimba zimene anacita.

Inu anzathu amene muphunzitsa ana a Ukaristia woyamba, simunazindikire kanthu apa? Chimo, kulemera kwa chimo, cisoni, kuulula, malipiro. Ndi phunziro lomwe lija timavutika nalo Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango, ana akuyasamula. Ngakhale kupha mbalame popanda cifukwa kwatikumbutsa Augustino Woyera, amene anasimba kuti ali ndi zaka 16 anaba zipatso ndi anzake, osati cifukwa ca njala ai, pakuti anakaziponyera nkhumba, koma cifukwa ca kukoma kwa kulakwa cabe. Mnyamata amene tinafuna kumuthira madzi odalitsa anali kumvera phunziro la kulapa usiku uliwonse, kungoti iye sanadziwe, ifenso sitinadziwe.

Mfundo yathu tsono ndi iyi: ambiri mwa oimba nyimbo za rock a ku Ulaya ndi ku America anali anthu owerenga mabuku, ndipo mau a nyimbo zao kawiri-kawiri ali ndi buku kumbuyo kwake. Amene aweruza nyimbo yotere ndi phokoso lake lokha, kapena ndi cithunzi ca pa cikuto, afanana ndi nyakwawa imene igamula mlandu itangomva kuti wodandaula ali ndi liu loipa. Katekisimu wathu, pofotokoza lamulo lacisanu ndi citatu, aika kuweruza mnzako mopupuluma pamodzi ndi miseche ndi kunamizira. Sitinamvepo kuti lamulo limeneli lileka kugwira nchito pamene woweruzidwayo ali mwana wathu wa m'nyumba.

Koma tisabisale kumbuyo kwa citsanzo cofewa. Pali nyimbo ina imene dzina lake lokha lingagwetse mkulu wa mpingo pa mpando: Sympathy for the Devil, ya gulu la Rolling Stones, ya mu 1968. M'cinenero cathu tingati kumvera Satana cisoni. Gulu limeneli si lacilendo kwa ife a Zambia. Akulu athu amene anavina nyimbo za WITCH m'zaka za m'ma 1970, ife tikali kusuzumira pa zenera, adziwa kuti Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa ca Mick Jagger, woimba wa gulu lomweli.

Jagger analemba nyimboyo atawerenga buku la ku Russia lochedwa The Master and Margarita, limene anapatsidwa ndi bwenzi lake Marianne Faithfull. Wolemba wake, Mikhail Bulgakov, anali dotolo, mwana wa mphunzitsi wa za umulungu ku Kiev. Analemba bukulo mobisa m'masiku a Stalin, pamene boma linali kutseka machalichi ndi kuphunzitsa ana kuti Mulungu kulibe. Nthawi ina anatentha zimene analemba cifukwa ca kutaya mtima, pambuyo pake n'kuyambanso. Anamwalira mu 1940 osaona buku lake litasindikizidwa. Mkazi wake anasunga mapepalawo zaka zoposa 25, kufikira pamene magazini ina ya ku Moscow inawatulutsa mu 1966 ndi 1967, malo ambiri atadulidwa.

Bukulo liyamba ndi amuna awiri ophunzira atakhala pa benchi mu Moscow, wina akutsimikizira mnzake kuti Yesu sanakhaleko n'komwe. Pabwera mlendo wovala bwino, waulemu, napempha kulowa nao m'nkhaniyo. Mlendoyo ndiye Satana mwini wake, ndipo ndi iye amene awatsutsa: awauza kuti Yesu analiko, pakuti iye anali pompo tsiku limene Ponsio Pilato anaweruza mlanduwo. Taonani nthabwala yowawayo! M'dziko limene ansembe atsekedwa pakamwa, mboni yotsala yonena kuti Khristu anayendadi pa dziko lino ndi mdyerekezi. Jagger anatengako munthu waulemu uja. M'nyimbo yake Satana alankhula ngati bwana wacuma wodziwa mwambo, nawerenga malo amene anapezekapo: pa mlandu wa Yesu, pa kuphedwa kwa banja la mfumu ya ku Russia, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pa imfa ya a Kennedy. Robert Kennedy anaomberedwa mu June 1968 gululi lili mkati mojambula nyimboyi. Ndipo cala ca nyimboyo ciloza ife anthu, kuti m'zonsezi manja amene anagwira nchito anali athu.

Kodi kuika mau m'kamwa mwa Satana ndiko kumupembedza? Ngati n'tero, ticotse mitu iwiri yoyamba ya buku la Yobu. Ticotsenso buku la C. S. Lewis la mu 1942 limene liri makalata a ciwanda cacikulu kulangiza ciwanda cacing'ono, buku limene lathandiza akhristu osawerengeka kuzindikira mayesero. Ndipo mnyamata amene asewera Yudasi pa Lacisanu Loyera tim'cotse m'kaundula wa mpingo. Sitikuti Jagger anali mlaliki, kutalitali. Moyo wake sunali wa kuonetsa ana, ndipo iye ndi anzake anasangalala nako kuopseza makolo, pakuti mantha a makolo agulitsa malekodi. Ngakhale Bulgakov, Yesu wa m'buku lake si ndendende Yesu wa m'Mauthenga anai. Koma nyimbo yocenjeza kuti woipayo amabwera atavala suti ndi kulankhula mwaulemu siri kutali ndi zimene timva pa guwa.

Buku limene oimba awa atungamo kopambana onse ndi lomwe liri pa thebulo la amai aja. Nyimbo ya Turn! Turn! Turn!, imene gulu la The Byrds linafika nayo pa nambala wani ku America mu 1965, pafupi-fupi mau ake onse ndi a Mlaliki mutu 3. Pete Seeger anangowapatsa maimbidwe ndi kuonjezapo pempho la mtendere. Gulu la U2 la ku Ireland linatseka cimbale cao ca mu 1983 ndi nyimbo yochedwa 40, yocokera mu Salmo 40, ndipo kwa zaka zambiri makamu a anthu anali kutuluka m'mabwalo akuimba salmo, ena mwa iwo osapondako ku chalichi. Bob Dylan anayamba nyimbo ina ya mu 1965 ndi nkhani ya Abrahamu ndi Isaki, ndipo All Along the Watchtower, imene Jimi Hendrix anaiimbanso mu 1968, ambiri aigwirizanitsa ndi mlonda wa pa nsanja wa pa Yesaya 21. Dylan yemweyo anapatsidwa mphotho ya Nobel ya zolemba-lemba mu 2016. M'mau ake olandirira mphothoyo anathera nthawi yaikulu pa mabuku atatu amene anawerenga akali pa sukulu.

Amene munawerenga Animal Farm ya George Orwell ku sekondale mudzazindikira msanga cimbale ca Pink Floyd ca mu 1977 cochedwa Animals, cimene cigawa anthu kukhala nkhumba, agalu ndi nkhosa. Orwell mu 1945 analoza Russia ya Stalin. Roger Waters anatembenuza mfutiyo n'kuloza eni cuma a kwao ku Britain. Nkhumba zake n'zomwezo, zasintha khola cabe.

Tikaima apa tidzakhala tanena theka la coonadi, ndipo amai aja adzakhala ndi cifukwa cotidandaulira. Buku silibatiza nyimbo. Mabuku nawonso alipo abwino ndi oipa, ndipo woimba atunga m'citsime cimene wasankha. Gulu la Led Zeppelin linaika m'nyimbo zake maina ndi malo a m'nthano za J. R. R. Tolkien, mkatolika wa Misa ya tsiku ndi tsiku. Koma woliza gitala wao, Jimmy Page, anali kusonkhanitsa mabuku a Aleister Crowley, Mngelezi wa zamatsenga amene anadzicha yekha cirombo ca m'buku la Cibvumbulutso, mpaka anagula nyumba imene Crowley anakhalamo ku Scotland. Gulu limodzi, zitsime ziwiri. Gulu la The Doors linatenga dzina lake ku buku la Aldous Huxley la mu 1954, losimba zimene iye anaona atamwa mankhwala osokoneza bongo. Ndipo nthano ya ana ya Lewis Carroll, ya kamtsikana Alice, gulu la Jefferson Airplane linaisandutsa mu 1967 nyimbo imene acinyamata a nthawiyo anaimva monga ciitano ca ku mankhwala omwewo. Kholo limene likana zotere m'nyumba mwake silinalakwe.

Pali vuto linanso, ndipo kwa ife ndilo lalikulu. Buku liri ndi masamba mazana kuti lidzifotokoze. Nyimbo iri ndi mphindi zitatu. Mu 1978 gulu la The Cure linatulutsa nyimbo yochedwa Killing an Arab, ndiko kuti kupha Mluya. Robert Smith, amene anailemba akali mnyamata, anaitenga m'buku la Albert Camus la mu 1942, losimba za Mfalansa wa ku Algeria amene aombera Mluya m'mbali mwa nyanja popanda cifukwa ceni-ceni. M'bukumo kuphako kuli pakati cabe. Theka lonse laciwiri ndi ndende, bwalo la milandu, cilango ca imfa, ndi mkangano woopsa pakati pa wakuphayo ndi wansembe amene adza kudzamuona. Nyimboyo inatenga mphindi ya mfuti yokha. Camus anatsala m'laibulale, nyimbo inapita yokha ku mabala ndi ku mawailesi, ndipo anthu a tsankho anaitenga ngati yao. Itatulukanso ku America mu 1986, Aluya a kumeneko anadandaula, kotero kuti pa cikuto panamatidwa kapepala kofotokoza kuti nyimboyo siilimbikitsa cidani, ndipo mwini wake anapempha mawailesi kuti aleke kuiulutsa.

Ngati zinatero kwa anthu amene Cingelezi ndi cinenero ca amai ao, nanga mwana wa ku Matero kapena ku Katete, amene amva liu limodzi pa mau asanu? Iye alandira cigoba, nyama yake inatsala kutsidya la nyanja. Aona mtembo pa malaya, amva dzina la Satana, ndipo palibe womuuza za Coleridge kapena Bulgakov. Ena mwa ana athu akopeka ndi cigobaco cifukwa cakuti ciopseza akulu. Pamenepa mantha a amai aja ali ndi maziko. Cimene tikana ndi mankhwala ao. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: mukaphwanya foni mwaphwanyanso njira imene mwana akanabwerera kudzakufunsani, ndipo nyimbozo adzazimverabe pa foni ya mnzake. Mankhwala ake ndi kubwezera nyimbo ku buku lake, kholo ndi mwana n'kuliyang'ana pamodzi. Masiku ano zimenezi sizifuna ulendo wa ku Lusaka. Foni yomweyo imene tifuna kuiphwanya ingakuuzeni m'mphindi zocepa amene analemba nyimbo ndi kumene anaitenga, ndipo ndakatulo zakale monga ya Coleridge zipezeka pa intaneti kwaulere.

Nkhaniyi yatisiyira funso lina limene litiwawa koposa. Anyamata a ku England aja, ambiri a iwo ana a anthu wamba a m'makomboni a kwao, anapeza kuti mabuku? Anawapeza ku sukulu ndi m'malaibulale a m'tauni mwao, kumene mwana wa wosauka anatha kubwereka buku osalipira. Nanga wathu? M'maparishi ambiri amene tayendamo, kabati ya mabuku imene ansembe akale anasiya inadyedwa ndi ciswe, kapena kiyi wake anapita ndi munthu amene anasamuka. Tidandaula kuti nyimbo zambiri za acinyamata athu zingozungulira pa mowa, ndalama ndi ciuno ca mkazi, koma munthu atapa m'nkhokwe zimene anaikamo. Sitikunyoza oimba athu. Malemu Paul Ngozi, amene anatisiya mu 1989, anawerenga moyo wa m'komboni monga buku, ndipo nthano za agogo pa moto ndi mabukunso ngakhale zilibe cikuto. Koma tiri ndi zolembedwa zathu zimene zingodikira woimba. Nthano zimene Julius Chongo anali kusimba pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo zinaimitsa midzi yathunthu kuti imvetsere. Dominic Mulaisho anatipatsa mu 1971 The Tongue of the Dumb, nkhani ya mudzi, mfumu, amishoni ndi mwana wosalankhula. Ngati Mngelezi anakwanitsa kuimba ndakatulo ya zaka pafupi-fupi 200 pamaso pa makamu a anyamata a tsitsi lalitali, n'ciani ciletsa mwana wa ku Chipata kuika Chongo pa gitala? Inu a makomiti a acinyamata, pa ndalama zimene musonkha za mayunifomu a kwaya, simungapatuleko zogulira mabuku khumi?

Sabata itatha tinabwerera ku mphakati ndi kusimba nkhani ya mbalame ija. Anthu anamvetsera cete, ndipo agogo ena anafunsa ngati iri m'Cipangano Cakale. Koma amai aja sanagonje msanga. "Nanga mtembo uli pa malayawu, a katekisiti?" Tinawayankha mosabisa kuti cinthuco cichedwa Eddie, n'cidole cimene gululo liika pa zimbale zake kuyambira mu 1980 kuti malonda ayende, ndi kuti ifenso citinyansa. Tinawauzanso kuti gulu lomwelo liri ndi nyimbo ya mu 1982 yonena za nambala ya cirombo ca pa Cibvumbulutso 13, imene inacititsa akhristu ena ku America kutentha malekodi ao, ndipo ngakhale woilemba anati inacokera ku maloto oipa ataonerera filimu, ife sitingaipatse mwana wa katekisimu. Tinagwirizana kuti malaya asatenthedwe, koma asalowe m'chalichi kapena kuvalidwa pa maliro. Foni ikhale, koma ikakwana 21 koloko izime.

Mnyamatayo tinamusindikizira ndakatulo yonse, mizere yoposa 600. Patapita masabata awiri anatipeza tikutseka ofesi ya parishi, mapepala ali m'manja, atalemba-lemba m'mbali ndi pensulo. Anati Cingelezi cake n'cakale ndipo cinamupweteka mutu, koma anafika kumapeto. Cimene cinamuvuta n'cakuti anafuna-funa ponse osapeza cifukwa cimene munthu uja anaphera mbalame. Tinamuuza kuti sanaphonye tsamba ai, mlakatuliyo sananene. Anaima kanthawi akuyang'ana pansi, kenaka anafunsa ngati tiri ndi buku lina. Tinam'bwereka Animal Farm yathu ya ku seminale, imene cikuto cake cinacoka kale, ndipo kufikira lero sanatibwezere.